Batire Lachiwiri M'boti: Kalumikizidwe ndi Katchajidwe Kake

Wina atha kufunsa kuti nkhani ya maboti yalowa bwanji m'tsamba lino, poti ambiri mwa ife ndife ana a m'tsinde mwa phiri, okulira pakati pa minda ya tiyi ndi ya nandolo. Funsolo ndi labwino, koma tiyeni titsatire madzi. Mvula yogwa pa phiri la Mulanje imayenda maulendo awiri. Madzi a Likhubula, Lichenya ndi Thuchila amathira mu Ruo, amene amakakumana ndi Shire pa Chiromo. Madzi a Phalombe ndi Sombani amalowera kumpoto mpaka kukathira m'nyanja ya Chilwa. Kufikira chaka cha 1998, pamene dera la Phalombe lidakhala boma palokha, gombe la kumwera kwa nyanjayi lidali m'boma la Mulanje, ndipo ambiri tili ndi abale amene amadya za m'madzi amenewa. Nyanjayi itaphwa mu 1995, ndiponso mu 2018, asodzi ena adasamukira kunyanja zina. Ku Nyanja ya Malawi kuli usodzi wa usipa wa usiku, umene kale unkadalira nyali za palafini koma tsopano ambiri amakopa nsomba ndi mababu oyakira mabatire. Ndipo amene adaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 akudziwa kuti ngakhale kuno kumtunda lilipo tsiku limene moyo wa munthu umadalira boti, ndi injini yoti ilire nthawi yomweyo.

Vuto lomwe tikambirane ndi ili. Mwini boti ali ndi batire limodzi lolizira injini. Pa batire lomwelo walumikizapo mababu, wailesi, pampu yotulutsira madzi, ndiponso mafoni a anyamata onse a m'botimo. Usiku wonse injini ili chete, zinthuzi zikudya moto. Kukacha, kapena mphepo ikauka mwadzidzidzi, akhudza sitata. Sitata ingoti tcha! n'kukhala duu. Pamtunda galimoto yotere timaikankha. Pamadzi mukankhira pati?

Mankhwala ake ndi batire lachiwiri. Koma batire lachiwiri lolumikizidwa molakwika limangowonjezera ndalama zotayika, ndipo limene silibwezeredwa moto wokwanira litha kufa patangopita miyezi yowerengeka. Phunziro lonseli lagona pa lamulo limodzi: mabatire awiriwa azikhala pamodzi pamene akulandira moto, ndipo azisiyana pamene akupereka moto.

M'kati mwa batire muli chiyani?

Batire lomwe tonse timalitchula kuti la galimoto lidapangidwa koyamba ndi Gaston Planté wa ku France mu 1859, ndipo nzeru yake sidasinthe kwenikweni mpaka lero. M'bokosi lake muli zipinda zisanu ndi chimodzi. M'chipinda chilichonse muli mapuleti a mtovu omizidwa m'madzi osakaniza ndi asidi. Chipinda chimodzi chimapereka 2.1V, choncho zonse pamodzi zimapereka 12.6V.

Ndiye kuti batire lomwe timati ndi la 12V likakhala lodzaza limawerenga 12.6V kapena 12.7V pa mita. Likamawerenga 12.2V latsala theka. Likafika pa 12.0V latsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo pansi pa 11.9V tingoti latha. Kuti mita inene zoona, batire liyenera kuyamba lapuma maola angapo, osatchajidwa ndiponso osayatsa kanthu. Onani kuti kusiyana kwa batire lodzaza ndi lakutha sikufika ngakhale volt imodzi. Munthu amene amati, "Batire langa likadali bwino, likuwerenga 12," wanamizidwa ndi dzina.

Batire likamapereka moto, asidi amagwirizana ndi mtovu n'kupanga chinthu choyera chotchedwa lead sulphate, chomwe chimamatirira pa mapuleti. Potchaja, chinthuchi chimasungunuka, asidi n'kubwerera m'madzi. Zonsezi zimayenda bwino ngati batire latchajidwa msanga. Koma likakhala lopanda moto masiku ambiri, sulphate uja amauma gwa ngati nkhoko za m'poto wogona osatsuka, ndipo palibe tchaja yomwe ingamuchotse yense. Mbali ya puleti yomwe yakutidwa choncho yafa basi. Mabatire ambiri kwathu kuno amafa ndi njala imeneyi asanakalambe n'komwe.

Chinanso chofunika kudziwa n'chakuti mabatire a mtovu alipo a mitundu iwiri. Batire lolizira injini lili ndi mapuleti ambiri opyapyala, kuti lithe kutulutsa ma amp mazana angapo pa kamphindi kochepa, kenaka injini n'kulibwezera nthawi yomweyo. Lili ngati mnyamata wothamanga mamita 100. Mukamalitsitsa mpaka pansi usiku uliwonse, mapuleti ake amanyenyeka msanga. Batire la mtundu wachiwiri, lomwe m'masitolo amalilemba kuti deep cycle ndipo ambiri amati batire la sola, lili ndi mapuleti ochindikala. Limapereka moto pang'onopang'ono kwa maola ambiri, ndipo litha kutsika ndi kudzazidwanso maulendo mazana angapo, bola lisamatsike kupitirira theka. Batire lachiwiri m'boti liyenera kukhala la mtundu umenewu. N'lokwera mtengo, inde, koma amene wagula la galimoto pofuna kupulumutsa ndalama amabwerera kusitolo kawiri mnzake asanabwerereko kamodzi.

Pano tinenepo zoona. Mabwato ambiri pa Chilwa amayenda ndi nkhafi kapena nsungwi, ndipo injini zing'onozing'ono, monga za 15 hp, zambiri zimalira pokoka chingwe. Kwa oterewa nkhawa ya sitata palibe. Komabe masamu a kukula kwa batire, katchajidwe ndi mafyuzi omwe akubwerawa akuwakhudza chimodzimodzi, monganso akukhudzira bambo amene ali ndi sola pa denga ku Chambe kapena ku Muloza.

Werengani musanagule

Kuti timvetse ma volt ndi ma amp, tiganize za mipopi yathu ya madzi otsika m'phiri. Ma volt ali ngati mphamvu yokankha madzi m'paipi, yomwe imakula thanki ikakhala pamwamba. Ma amp ndiwo kuchuluka kwa madzi omwe akuyenda. Nambala ya Ah yolembedwa pa batire ndiyo kukula kwa thanki: amp imodzi yoyenda kwa ola limodzi ndi 1Ah. Ma watt timawapeza pochulukitsa ma volt ndi ma amp, choncho tikagawa ma watt ndi 12 timapeza ma amp.

Titenge boti longoyerekeza. Lili ndi mababu anayi a LED a 10W lililonse. Pamodzi ndi 40W. Tikagawa ndi 12 tipeza 3.3A. Akayaka maola 8 adya pafupifupi 27Ah. Mafoni asanu, iliyonse ikatenga 1.5Ah, adya 7.5Ah. Pampu ya 3A ikagwira ntchito ola limodzi idya 3Ah. Zonse pamodzi zikufika pa 37.5Ah, tingoti 40Ah pa usiku umodzi.

Kodi tigule batire la 40Ah? Iyayi. Tanena kuti batire lisamatsike kupitirira theka, ndiye 40Ah tiichulukitse kawiri, tipeze 80Ah. Poti batire limachepa mphamvu likamakula, ndiponso poti nthawi zonse pamapezeka mlamu wobwera ndi foni yachisanu ndi chimodzi, wanzeru agula la 100Ah. Batire lotere limalemera makilogalamu 25 mpaka 30, choncho malo ake m'boti aganiziridwe bwino: pansi, chapakati, pomwe silipendeketsa boti, koma pokwererapo pang'ono kuti madzi olowa asalimize.

Kalumikizidwe

Pali kulakwitsa kuwiri komwe tiyenera kutchula tisanafike pa njira zabwino. Koyamba ndi kulumikiza mutu wa pozitivu wa batire lina ku negetivu wa linzake, monga timachitira ndi mabatire a m'tochi. Mukatero ma volt amaphatikizana kukhala 24V, ndipo mababu, wailesi ndi zonse za 12V zimapsa.

Kulakwitsa kwachiwiri n'kobisika, ndipo ndiko kofala. Munthu amatenga mawaya awiri, kulumikiza pozitivu ku pozitivu, negetivu ku negetivu, n'kumanga zolimba osamasulanso. Ma volt amakhalabe 12V ndipo poyamba zonse zimaoneka bwino, pakuti mababu akuyaka nthawi yaitali. Koma munthuyo alibe mabatire awiri. Wapanga batire limodzi lalikulu. Mababu akamadya, amadya konsekonse, ndipo tsiku lomwe adzagone ataiwala kuzimitsa adzapeza onse awiri atatha. Kuwonjezera apo, matanki awiri olumikizidwa ndi paipi pansi amafanana madzi. Limodzi likakhala lobooka, linzake limatha nalo limodzi. Batire lakale lofooka limayamwa moto wa latsopano usana ndi usiku. Pafunika tsono chinthu choima pakati, chotsegula ndi kutseka njira pa nthawi yake.

Njira yakale ndi swichi yaikulu yozungulira, yolembedwa 1, 2, BOTH ndi OFF. Poliza injini mumaika pa 1. Injini ikalira mumapotoza kufika pa BOTH kuti mabatire onse alandire moto. Mukazimitsa injini mumaika pa 2, kuti mababu adye batire lachiwiri lokha. Swichiyi n'njolimba ndipo aliyense atha kuimvetsa. Kufooka kwake ndi mutu wa munthu. Msodzi wotopa, wonyowa, amene maganizo ake ali pa khoka, amaiwala swichi pa BOTH, ndipo tabwerera pomwe tidayambira. Chenjezo lina: musadutsitse swichiyi pa OFF injini ikulira. Moto wochokera ku injini ukasowa kolowera, ma volt amakwera mwadzidzidzi n'kuwononga ziwiya zotchajira za m'injinimo.

Njira yachiwiri ndi kachipangizo kotchedwa voltage sensitive relay, mwachidule VSR. Iyi ndi swichi yodzitsegula ndi kudzitseka yokha poyang'ana ma volt. Injini ikalira, ma volt a batire loyamba amakwera. Akafika cha pa 13.3V, relay imati tcha! n'kulumikiza batire lachiwiri. Injini ikazima, ma volt amatsika, ndipo akafika cha pa 12.8V relay imadula njira. Manambalawa amasiyana pang'ono malinga ndi opanga, koma nzeru yake ndi yomweyo. Batire lolizira injini limayamba ndilo kudya, ndipo usiku limagona palokha osakhudzidwa. M'boti logwira anthu ambiri, momwe aliyense amaganiza kuti mnzake wapotoza kale swichi, ine ndiona kuti njira iyi ndiyo yoyenera ndalama zake.

Ilipo njira yachitatu ya ma diode, omwe amalola moto kuyenda mbali imodzi yokha. Vuto lake n'lakuti diode wamba imadya pafupifupi 0.7V, ndipo taona kale kuti pa batire 0.7V si nkhani yamasewera: batire silidzaza. Yachinayi ndi tchaja yotenga moto ku batire loyamba n'kuukonza molingana ndi zofuna za lachiwiri, yomwe amaitcha DC-DC charger. Imeneyi ndiyo yofunika ngati batire lachiwiri ndi la lithium, lomwe n'lopepuka ndipo limalola kutsika kwambiri, koma siliyenera kungolumikizidwa mwachisawawa ndi la mtovu.

Tsono relay timaimanga chotere. Mitu iwiri ya negetivu ilumikizidwe ndi waya wonenepa, wosadutsa pa swichi iliyonse. Kuchokera pa pozitivu wa batire loyamba, waya wofiira adutse pa fyuzi, afike pa relay. Kuchokera pa relay, waya wina wofiira adutse pa fyuzi yachiwiri, afike pa pozitivu wa batire lachiwiri. Kawaya kakang'ono kakuda ka relay kapite ku negetivu. Kenaka chitani ntchito yomwe ambiri amaidumpha: samutsani mababu, wailesi, pampu ndi potchajira mafoni, zonse zipite ku batire lachiwiri, chilichonse ndi fyuzi yake. Pa batire loyamba patsale injini yokha. Mukatha yesani ndi mita. Injini ili chete, yatsani mababu. Ma volt a batire lachiwiri atsike pang'ono koma a loyamba asasunthe. Lizani injini ndi kuithamangitsa. Pakapita kanthawi mumve relay ikulira, ndipo mabatire onse awerenge kupitirira 13V. Ngati a loyamba akutsika limodzi ndi mababu, penapake patsala waya wolumikiza mobisa.

Moto wobwezera uchokera kuti?

Apa ndi pomwe eni maboti ambiri amagwa, ngakhale amene alumikiza zonse bwinobwino. Iwo amaganiza kuti poti injini yalira, batire ladzaza. Tiyeni tiwerengenso.

Tachotsa 40Ah usiku. Batire la mtovu silisunga moto wonse womwe lapatsidwa. Wina umatayika ngati kutentha ndi mpweya. Kuti 40Ah ibwerere tiyenera kuthiramo pafupifupi 46Ah mpaka 48Ah. Galimoto ili ndi alternator yopereka ma amp makumi angapo, koma injini yaing'ono ya boti kawirikawiri imapereka ma amp ngati 6 okha, ndipo iwonso pokhapokha ikuthamanga kwambiri. Gawani 48 ndi 6: maola 8 injini ikulira osapuma. Ndani angawotche petulo wa maola 8 chifukwa cha batire? Ngati ulendo wopita ndi kubwera ndi maola awiri, injini yabweza 12Ah yokha. Tsiku loyamba batire la 100Ah litsika kufika pa 60, n'kukwera kufika cha pa 70. Tsiku lachiwiri litsika kufika pa 30. Pofika tsiku lachitatu lafika pansi, ndipo nkhoko zija zayamba kuuma. Mwini boti adzatukwana wogulitsa kuti adam'patsa batire lachinyengo, chikhalirecho walipha yekha ndi ngongole ya tsiku ndi tsiku.

Tionjezepo kuti injini zina zokoka ndi chingwe zili ndi koyilo yongoyatsira getsi, yomwe imatulutsa moto wa AC. Moto wotere sungalowe m'batire mwachindunji. Pafunika rectifier yousandutsa DC, makamaka yokhala ndi regulator yoletsa ma volt kukwera kupitirira muyeso.

Choncho injini iwerengedwe ngati wothandiza chabe. Wodzaza batire weniweni ndi dzuwa kapena tchaja ya pamtunda.

Sola ya 100W imapereka pafupifupi 5.5A dzuwa likakhala paliwombo. Kuno ku Malawi, tsiku lowala bwino, kuwala konse kwa tsikulo tikakuphatikiza kumafanana ndi maola asanu a dzuwa lamphamvu. Ndiye 5.5 kuchulukitsa ndi 5 tipeza pafupifupi 27Ah. Tikaphatikiza ndi 12Ah ya injini tafika pa 39Ah, ndipo sitinakwanitsebe 48Ah. Boti lathu lifuna sola ya 150W, ndipo ya 200W ingakhale bwino koposa. Chifukwa chake ife a ku Mulanje sitifunika kuuzidwa: pakati pa Meyi ndi Ogasiti chiperoni chikabwera kuchokera ku Mozambique, dzuwa litha kubisala masiku atatu kapena anayi, ndipo sola imapereka kagawo kochepa chabe ka mphamvu yake. Fumbi, ndowe za mbalame, kapena mthunzi wa khoka loyanikidwa pakona imodzi, nazonso zimadula moto kwambiri kuposa momwe maso angaganizire.

Sola isalumikizidwe ku batire popanda controller. Sola ya 12V ikakhala yosalumikizidwa imawerenga ma volt opitirira 20, ndipo batire likadzaza iyo sidziwa zoleka. Madzi a m'batire amayamba kuwira, amatha, mapuleti n'kuuma. Controller imakweza batire kufika cha pa 14.4V, kuligwira pamenepo kanthawi, kenaka n'kutsitsa kufika cha pa 13.6V kuti lingokhala lodzaza. Polumikiza, yambani ndi batire ku controller, sola ibwere pambuyo.

Njira ina ndi kunyamula batire kupita nalo komwe kuli magetsi, monga achitira anthu ambiri m'midzi, kaya ndi a ESCOM pa malo a malonda, kaya ndi ngati aja amene bungwe la Mulanje Electricity Generation Agency lidayamba kupanga ku Bondo ndi madzi a Lichenya m'zaka za m'ma 2010. Muyeso wabwino wa tchaja ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a kukula kwa batire: 10A pa batire la 100Ah. Dziwani kuti batire limadya ngati munthu. Likakhala ndi njala limameza mofulumira, koma likayandikira kukhuta limalandira pang'onopang'ono, kotero kuti gawo lomaliza limatenga maola angapo. Wotchajitsa amene ali ndi mzere wa makasitomala amafuna kulichotsa msanga, ndipo mukaliyesa pompo mita imaonetsa 13V, inu n'kukondwa. Dikirani lipume maola angapo muyesenso. Likatsika kufika pa 12.4V, silidadzaze. Gawo lomalizalo ndilo limasungunula sulphate wotsalira, choncho batire lizifika podzaza kwenikweni kamodzi pa sabata ngati sizitheka tsiku lililonse.

Waya ndi fyuzi

Waya aliyense amadyako ma volt, ndipo wowonda ndi wautali amadya kwambiri. A Fomu 3 ndi 4 akumbukire lamulo la Ohm, lomwe Georg Ohm wa ku Germany adalifalitsa mu 1827: ma volt otayika ndi ma amp kuchulukitsa ndi ma ohm a waya. Waya wa mkuwa wa 1 mm² wotalika mita imodzi ali ndi pafupifupi 0.0175 ohm. Tinene kuti batire lachiwiri lili mamita 5 kuchokera ku loyamba. Moto umapita n'kubwera, ndiye waya yense ndi mamita 10. Mukagwiritsa ntchito waya wa 1.5 mm², ma ohm ake ndi 0.0175 kuchulukitsa ndi 10, kugawa ndi 1.5, zomwe zikupereka 0.117. Pakadutsa 10A, patayika pafupifupi 1.2V. Injini ikupereka 14.4V koma batire likulandira 13.2V, ndipo lidzatenga nthawi yaitali zedi osadzaza. Sinthani muike waya wa 6 mm²: potayika patsala 0.3V yokha. Mtengo wa waya wonenepa ndi wochepa poyerekeza ndi wa batire lomwe waya wowonda angaphe.

Waya wa m'boti akhale wa timawaya tambiri topota, wofewa, osati wa chitsulo chimodzi wa m'nyumba, yemwe amathyoka ndi kunjenjemera kwa injini. Pogula, palani nsonga yake ndi mpeni. Ngati m'kati mukuoneka moyera, ndi aluminiyamu wongopakidwa mkuwa. Amadya ma volt ambiri ndipo amawola msanga pachinyezi. Pa Chilwa nkhani ya kuwola ndi yaikulu, chifukwa nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo madzi ake ndi amchere. Mfundo zongopota ndi zala n'kukulunga pepala la pulasitiki sizikhalitsa kumeneko.

Fyuzi ntchito yake ndi kuteteza waya. Batire la 12V silingakugwireni monga amachitira magetsi a ESCOM, n'chifukwa chake anthu amalipeputsa. Koma waya wa pozitivu akasupuka n'kukhudza negetivu, batire limatulutsa ma amp mazanamazana pa kamphindi. Waya amafiira, pulasitiki imayaka, ndipo pamenepo tikunena moto weniweni, m'boti la matabwa momwe muli chigubu cha petulo. Fyuzi ikhale pafupi kwambiri ndi mutu wa batire. Malamulo a opanga maboti ku America amati isapitirire masentimita 18. Waya wolumikiza mabatire awiri amafuna mafyuzi awiri chifukwa nsonga zake zonse zili pa batire, ndipo moto utha kuchokera mbali iliyonse. Kukula kwa fyuzi kupitirire pang'ono ma amp oyenda masiku onse, koma kusapitirire omwe wayayo angathe kunyamula. Fyuzi ikapsa ndiye kuti yanena kanthu. Kuikapo msomali kapena kawaya m'malo mwake kuli ngati kutseka pakamwa mlonda amene wakuwa kuti kwabwera akuba.

Kusamala moyo wa batire ndi wanu

Batire likamatchajidwa, makamaka chakumapeto, limatulutsa mpweya wa hydrogen. Mpweyawu ukangokwana magawo 4 pa 100 aliwonse a mpweya wa pamalopo, kamoto kakang'ono katha kuuphulitsa. Bokosi la batire tsono likhale ndi chivindikiro choteteza mitu ku madzi ndi ku zitsulo, koma likhale ndi timabowo pamwamba, ndipo limangidwe ndi lamba kuti lisagubuduke ndi mafunde. Lisakhale malo amodzi ndi petulo. Fodya asayandikire. Ndipo chizolowezi choyesa batire pokhudzitsa mawaya awiri kuti tione ngati athetheka chilekeke. Mita yaing'ono siidula ngati diso.

Pomasula batire yambani ndi negetivu, pomanga malizani ndi negetivu. Mukatero, ngakhale sipanala itakhudza chitsulo cha injini pamene mukumasula pozitivu, palibe njira yoti moto udutse. Vulani wotchi yachitsulo ndi mphete musanayambe.

Ngati batire lili ndi zitsekerero, yang'anani madzi kamodzi pa mwezi; azimiza mapuleti. Onjezerani madzi a batire okha, aja osungunulidwa ku nthunzi omwe amagulitsa m'mabotolo. Madzi a pa mjigo kapena a m'nyanja ali ndi mchere womwe umawononga mapuleti. Musaonjezere asidi, pakuti chomwe chimauluka ndi madzi, asidi amatsala momwemo. Asidi akagwera m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 15, kenaka thamangirani kuchipatala. Zoyera zomera pa mitu ya batire zimachoka ndi soda wophikira therere wosungunula m'madzi, bola asalowe m'zipinda. Mukapukuta ndi kumanga, pakani Vaseline pang'ono.

Kutentha nako kumafupikitsa moyo wa batire. Likamakhala pamalo otentha madigiri 10 kuposa 25°C, moyo wake umatsika pafupifupi ndi theka, choncho lisasiyidwe padzuwa pa mchenga. Za chikhulupiriro chakuti batire likakhala pa simenti limatha moto, zidali zoona kalekale pamene mabokosi ankapangidwa ndi matabwa kapena mphira wolowa chinyezi. Mabokosi a pulasitiki a masiku ano alibe vutolo. Batire losiyidwa pakona limatha lokha pang'onopang'ono kaya lili pa simenti kaya pa thabwa. N'chifukwa chake nyengo yotseka nyanja ikafika, kapena boti likakhala pamtunda, batire lidzazidwe kaye, limasulidwe mawaya, ndipo lizitchajidwa kamodzi pa mwezi.

Likafa, libwezeni kwa ogula mabatire akale kuti mtovu wake ukakonzedwenso. Musaliswe pakhomo kuti musungunule mtovu wopangira zomiza khoka, ndipo musathire asidi wake pansi. Mtovu ndi poizoni amene amawononga ubongo wa ana, ndipo bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati palibe muyeso wa mtovu m'magazi womwe tingati ndi wosaopsa.

Yesani nokha

Boti lina lili ndi mababu asanu ndi limodzi a 7W, oyaka maola 9 usiku uliwonse, ndi wailesi ya 12W yolira maola 5. Injini yake imapereka 6A ndipo imalira ola limodzi ndi theka pa tsiku. Pezani ma Ah odyedwa usiku umodzi, kukula kwa batire loyenera, ndi kukula kwa sola yomwe ingatseke ngongole yotsala ngati dzuwa lamphamvu ndi la maola 5. Mukatha, werengeraninso za sabata ya chiperoni, pomwe dzuwa lamphamvu ndi la maola awiri okha, ndipo munene tsiku lomwe batire lidzatsike kupitirira theka.